Kasikuluwu Kakatayika: Kabuku Kothandiza Mabanja Kumanga Bwino Disiki ya mu Kompyuta Yaing'ono

MAWU OYAMBA

Masiku ano kompyuta yafika m'nyumba zambiri za mu Lilongwe, monga ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi ku Mgona. Zambiri mwa kompyutazi ndi za kaunjika. Zinagwirako ntchito m'maofesi a kunja, kapena tinazigula kwa munthu amene nayenso anagula kwa wina. Zina ndi malaputopu a ana a sukulu. Zina ndi timakompyuta tating'ono ngati buku, monga Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini, Lenovo ThinkCentre Tiny ndi Intel NUC, timene mumationa m'mabenchi otayipira makalata ndi oikira nyimbo m'mafoni.

Kompyuta yodutsa m'manja ambiri imafika ili ndi magweru. Aliyense amene anaitsegulako anatayapo kasikuluwu kake. Tsiku limene mwagula disiki ya SSD kuti makina azithamanga, mukutsegula n'kupeza kuti pomangira palibe chilichonse: kasikuluwu kulibe, kachitsulo kogwira disiki kulibenso. Apa mpamene ambiri timalakwitsa. Timangotola sikuluwu iliyonse ya mu wailesi yakufa n'kuikakamiza.

Uthenga wa kabuku kano ndi umodzi: sikuluwu yoti "yatsala pang'ono kukwana" siyokwana. Dziwani saizi yake, nyamulani chitsanzo, ndipo kafuneni kwa amisiri amene amasunga makompyuta akufa.

1. N'CHIFUKWA CHIYANI DISIKI IYENERA KUMANGIDWA?

Disiki ndiye nkhokwe ya kompyuta. Zithunzi za ukwati, makalata ofunsira ntchito, manotsi a mwana ndi mabuku a geni zonse zimagona mmenemo.

Mu hard disk muli timbale timene timazungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo kasingano kowerenga kamayandama pamwamba pake, pa mpata wochepa kwambiri kuposa tsitsi la munthu. Disiki yotere ikamagubuduka m'kati mwa laputopu imene ili m'chikwama, inu muli pa kabaza mumsewu wa mabampu, kasingano kaja kakhoza kukanda mbale. Zimene zakandika sizibwerera.

SSD ilibe kanthu koyenda m'kati, choncho imapirira kugwedezeka. Koma nayo ikapanda chogwira imasolomoka pang'onopang'ono pamene inalumikizidwa, ndipo polumikizirapo pamayamba kutha.

Zizindikiro za disiki yosamangidwa ndi izi:

- Mukaigwedeza pang'ono kompyuta ili yozima, m'kati mumamveka kugogoda.
- Kompyuta imauma kapena kuzima mukaisuntha.
- Tsiku lina imayaka bwino, tsiku lina imalemba kuti "No bootable device".

Musathamangire kunena kuti disiki yafa. Nthawi zina vuto ndi kasikuluwu kamodzi.

2. DZIWANI DISIKI YANU

Disiki ya mainchi 2.5. Iyi ndi yophwatalala, pafupifupi masentimita 7 m'lifupi ndi 10 m'litali. Ikhoza kukhala hard disk kapena SSD. Kukhuthala kwake nthawi zambiri ndi mamilimita 7 kapena 9.5. Ili ndi mabowo anayi m'mbali ndi anayi kunsi. Sikuluwu yake ndi M3 yaifupi, ya mamilimita 3 kapena 4.

Disiki ya M.2. Aka ndi kabodi kakatali ngati chala, kopanda chikuta. Nambala yake imanena kukula kwake: 2280 ndiye kuti mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. Palinso 2230, 2242 ndi 2260. Kumapeto kwake kuli kabowo kooneka ngati theka la mwezi. Pamenepo mpamene pamagwira kasikuluwu kamodzi, kawirikawiri ka M2 ka mamilimita 3, ka mutu wophwatalala.

Disiki ya mSATA. Imapezeka m'malaputopu akalekale. Ndi yaifupi ndi yotakata kuposa M.2 ya 2280, ndipo ili ndi mabowo awiri m'makona. Tisikuluwu take timasiyana malinga ndi makina, choncho chitsanzo n'chofunika kwambiri.

Disiki ya mainchi 3.5. Iyi ndi yaikulu ndi yolemera, ya makompyuta a pa desiki. Sikuluwu yake imatchedwa 6-32. Taitchula pano chifukwa ndi imene imasokoneza anthu. Pa maso imafanana ndi M3, koma ndi yonenepa pang'ono ndipo mazinga ake ndi otalikirana. Mukaikakamiza mu disiki ya laputopu imadya mazinga a bowo.

3. KUWERENGA DZINA LA SIKULUWU

Mukaona "M2x3", nambala yoyamba ndi kunenepa kwa sikuluwu m'mamilimita, yachiwiri ndi kutalika kwake. M2.5x5 ndi yonenepa mamilimita 2.5 ndi yotalika mamilimita 5. Kutalika kumayezedwa kuyambira pansi pa mutu mpaka kunsonga. Ngati mutu wake ndi wosongokera pansi, wolowa m'bowo, mumayeza sikuluwu yonse pamodzi ndi mutu.

Yang'anitsitsani kunsi ndi m'kati mwa laputopu yanu. Makampani ambiri amalemba saizi pafupi ndi bowo lililonse, ndi zilembo zazing'ono zodinda pa pulasitiki kapena pa chitsulo. Unikani ndi tochi ya pa foni. Dell, HP ndi Lenovo alinso ndi mabuku a amisiri a makina awo, amene amapezeka pa intaneti, ndipo amatchula masikuluwu a makinawo ndi malo ake. Lembani dzina lonse la kompyuta yanu monga lilili pa chomata cha kunsi, kenako mufufuze.

Kutalika si nkhani yamasewera. Kuseri kwa bowo kumakhala bodi, batire kapena kiyibodi. Sikuluwu yotalika ndi milimita imodzi yokha ikhoza kuboola bodi ya disiki. Ikaboola batire, moto ukhoza kubuka.

4. ZINA ZIMENE ZIMASOWA

Si masikuluwu okha amene amatayika.

Caddy. Ili ndi dzina limene amisiri amatchula kachitsulo kapena kapulasitiki kamene disiki ya mainchi 2.5 imakhalamo. Mtundu uliwonse wa kompyuta uli ndi yake. Ya mu Dell OptiPlex Micro zambiri ndi ya pulasitiki yabuluu yokhala ndi timano tolowa m'mabowo a disiki, yosafuna sikuluwu.

Masikuluwu a labala. Timakompyuta tambiri ta HP timagwiritsa ntchito masikuluwu a M3 okhala ndi kalabala kabuluu kumutu. Mumawamanga m'mbali mwa disiki, ndiye disikiyo imatsetsereka m'timipata mpaka kukodwa. M3 wamba salowa m'malo mwake bwinobwino chifukwa mutu wake ndi wochepa.

Standoff. Aka ndi kamzati kachitsulo kamene M.2 imatsamirapo kumapeto. Kasikuluwu kamalowa mu kamzatika, osati mu bodi. Pa makina ena kamamasuka n'kusamutsidwira pa bowo la 42, la 60 kapena la 80. Musananene kuti katayika, onani ngati kali pa bowo lina. Makina ena atsopano ali ndi kachotsekera ka pulasitiki m'malo mwa sikuluwu.

Chingwe cha disiki. M'malaputopu ndi timakompyuta tambiri disiki ya mainchi 2.5 imalumikizidwa ndi kachingwe kophwatalala. Makina amene anabwera ndi M.2 yokha nthawi zambiri alibe kachingweka ngakhale malo a disiki yachiwiri alipo.

Kokhuthalitsa. SSD ya mamilimita 7 ikalowa m'malo a 9.5 imasiya mpata. Pamafunika kafulemu ka pulasitiki kapena kasiponji kodzaza mpatawo.

5. MUSANATSEGULE

a) Koperani zofunika zonse pa fulashi kapena pa disiki ina. Izi zichitike poyamba, osati pomaliza.

b) Zimitsani kompyuta, zulani chaja. Ngati batire ndi lochotseka, lichotseni. Ngati lili m'kati, mukangotsegula zulani kachingwe kake. Kenako dinani batani loyatsira kwa kanthawi kuti moto wotsalira uthe.

c) Gwirani ntchito masana, pa tebulo, pafupi ndi zenera. Musatsegulire pa mphasa, pa bedi kapena pabwalo. Kasikuluwu ka M2 kakagwera m'fumbi kapena mu mng'alu wa simenti, kapita. Nkhuku nazo sizisankha.

d) Yalani pepala loyera kapena thireyi ya mkombero. Musayale bulangete kapena nsalu ya nayiloni, chifukwa zimasunga timagetsi timene timathetheka m'thupi, makamaka m'miyezi youma ya Ogasiti mpaka Okutobala. Musanakhudze bodi, gwirani kaye chitsulo chachikulu monga cha pa zenera.

e) Jambulani chithunzi pa foni musanamasule chilichonse, ndiponso mukamasula gawo lililonse.

f) Jambulani kunsi kwa kompyuta pa pepala, ndipo sikuluwu iliyonse muiike pamalo pake pa chojambulacho. Zitsekerero za mabotolo zimathandizanso: cha masikuluwu a chivundikiro, cha a batire, cha a disiki.

g) Gwiritsani ntchito sikuludiraiva yoyenera. Ya sitala yaing'ono, ya saizi ya PH0 kapena PH1, imakwana pa makina ambiri. Ena amafuna ya Torx, ya makona 6. Mpeni wa kukhitchini umangophwanya mutu wa sikuluwu.

h) Ana aang'ono akhale patali. Tizinthuti n'tosavuta kumeza.

6. KOKAFUNA

Yambani m'kompyuta momwemo. Opanga ena amasiya sikuluwu ya M.2 ili pa kamzati kake ngakhale disiki palibe. Ngati munagula SSD kapena caddy yatsopano, kutumulani katoni ndi kapulasitiki kake musanataye.

Kenako makina akufa. Laputopu yakufa ndi munda wa masikuluwu. Kasikuluwu kogwira kakhadi ka Wi-Fi nthawi zambiri ndi M2x3, kofanana ndi ka M.2. Caddy yakale imakhala ndi ma M3 ake anayi. Mu kompyuta yaikulu ya pa desiki, masikuluwu ogwira choseweretsa DVD ndi a M3, koma onani kutalika kwake. Funsani kwa achibale, kwa anzanu a kutchalitchi kapena kumzikiti, kapena kusukulu kumene kuli makompyuta ongosonkhanitsa fumbi.

Amisiri a makompyuta. Awa ndiwo eni nkhaniyi. Mmisiri aliyense amakhala ndi chitini kapena botolo la masikuluwu ochokera m'makina amene anaphwasula. Yambani ndi wa pa msika wa kwanu, kaya pa Kawale, pa Chinsapo kapena pa Nsungwi ku Area 25, musanawononge ya minibasi. Mukalephera, pitani m'tauni: msika waukulu wa Lilongwe ndi misewu yozungulira depoti, monga Malangalanga ndi Devil Street, komanso ku Bwalo la Njobvu. Caddy ndi chingwe zimapezeka mosavuta kwa mmisiri amene ali ndi makina akufa a mtundu wanu womwewo.

Kumene musataye nthawi. Ku Biwi Triangle n'kwa mabawuti ndi manati a galimoto. Kwa akalipentala a ku Mchesi n'kwa masikuluwu a matabwa, osongoka kunsonga. Ma hadiweya ambiri amagulitsa za zomangamanga, zazikulu kwambiri kwa kompyuta. Tisikuluwu ta mafoni, mawotchi ndi magalasi a maso nthawi zambiri timachepa kuposa M2.

Kuitanitsa. Caddy kapena chingwe chikasowa mu mzinda muno, m'bale wa ku Joni akhoza kukugulirani n'kupatsira munthu wobwera pa basi. Mutumizireni chithunzi cha chomata cha kunsi ndi cha malo a disikiwo. Dell iliyonse ili ndi Service Tag ya zilembo ndi manambala 7. Zipangizo za Lenovo zili ndi nambala yotchedwa FRU, ndipo za HP zili ndi nambala ya sipeya. Nambala zimenezi zimathetsa kulotera. Kumagulitsidwanso timabokosi ta masikuluwu a laputopu osakaniza masaizi. Banja limodzi silingatsirize bokosi lotere, choncho sonkheranani ndi anzanu a mabenchi oyandikana.

7. MMENE MUNGAFUNSIRE

Safunsa anadya phula, koma kufunsa nakonso kuli ndi luso lake. Mukangoti "ndikufuna sikuluwu ya kompyuta", mmisiri adzakupatsani imene ili pamwamba pa chitini. Tiyerekeze mayi wa benchi yotayipa amene wafika pa mmisiri ndi kakompyuta kake m'chikwama.

"Mwaswera bwanji achimwene? Ndikufuna kasikuluwu kogwira SSD ya M.2. Ndi M2 ya mamilimita 3, ya mutu wophwatalala."

"Standoff ilipo, mayi?"

"Ilipo, pa bowo la 80. Chithunzi chake ichi."

Mmisiri akukhuthulira chitini pa pepala, akusanthula ndi nsonga ya sikuludiraiva, akusankha titatu. Koyamba kakulowa koma mutu wake ndi wochepa, sukuphimba kabowo ka disiki. Kachiwiri kakuima kasanafike pansi, n'katali. Kachitatu kakutsika mofewa mpaka kukhala pa disiki.

"Ndi kameneka. Mutenge tiwiri, kena mukasunge."

Onani zimene mayiyu wachita. Watchula saizi, wabwera ndi chithunzi, ndipo kasikuluwu kayesedwa iye akuona. Inunso nyamulani chimodzi mwa izi: kompyuta yeniyeniyo, sikuluwu inzake ya imene yatayika mutaimata ndi tepi pa pepala, kapena chithunzi cha bowo mutaika lula pambali. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe.

Kumbukiraninso kuti mu disiki muli zinsinsi za banja. Kumanga sikuluwu ndi ntchito ya mphindi zochepa, choncho dikirani pomwepo. Ngati makina agona kwa mmisiri pa chifukwa china chosakhudza disiki, mukhoza kupempha kuti disikiyo mupite nayo kunyumba.

8. KUYESA NDI KUMANGA

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sikuluwu yoyenera imalowa yokha, mukungopotoza ndi zala ziwiri. Ikalimba itangozungulira kamodzi kapena kawiri, siyani, si yake. Ikamagwedera m'bowo, yachepa.

Kumanga M.2:

a) Onani kuti kamzati kali pa bowo lolingana ndi kutalika kwa disiki.
b) Gwirani disiki m'mbali, osakhudza timano tagolide.
c) Ilowetseni mopendeka, pafupifupi madigiri 30, kampata ka pa timano katalunjika pa kamtunda ka polowera. Ikakana, musakankhe. Pali M.2 ya SATA ndi ya NVMe, ndipo si makina onse amene amalandira zonse ziwiri.
d) Itsitseni ndi chala mpaka itagona pa kamzati.
e) Mangani mpaka sikuluwu itaima, basi. Si bawuti ya tayala.

Kumanga ya mainchi 2.5:

a) Ikani disiki mu caddy, polumikizira patayang'ana kumene kuli chingwe.
b) Lowetsani masikuluwu onse anayi pang'onopang'ono, kenako muwalimbitse modumphadumpha.
c) Lumikizani, mangani caddy ku kompyuta, ndipo onani kuti palibe chingwe chopanikizika.

Mukatseka, gwedezani pang'ono kompyuta ili yozima. Mukamva kanthu kakuyenda m'kati, tsegulaninso. Sikuluwu yoyendayenda pa bodi imatha kupangitsa shoti.

9. NGATI LERO SIMUNAIPEZE

SSD ya mainchi 2.5 ndi yopepuka. Masikuluwu awiri, ina mbali ino ina mbali inayo mopingasa, amaigwira bwino. Popanda caddy, mukhoza kuimata ndi tepi yokhuthala yomata mbali zonse, kapena kuitsamiritsa ndi kasiponji kuti isasolomoke.

Hard disk imafuna chogwira chenicheni. Pamene mukudikira, kompyuta ikhale pa tebulo, isayende maulendo. Ngati pa disikiyo pali kabowo kopumira kolembedwa chenjezo, musakatseke ndi tepi.

M.2 musaisiye ili chiimire. Selotepi wamba amamatuka makina akatentha. Ndi bwino kudikira tsiku limodzi kusiyana ndi kutaya disiki. Ngati ntchito ndi yachangu, pali timabokosi ta USB timene disiki imalowamo n'kumagwira ntchito ili kunja kwa kompyuta.

10. ZOSAYENERA KUCHITA

- Musamange M.2 popanda kamzati. Imapindika, ndipo tizipangizo take timatha kumatuka.
- Musagwiritse ntchito supagulu. Tsiku losintha disiki mudzang'amba ndi bodi yomwe.
- Musamange ndi waya, pini kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Zonsezi zimadutsitsa magetsi.
- Musalowetse sikuluwu yosongoka, ya matabwa kapena ya pulasitiki, m'bowo la disiki.
- Musachotse sikuluwu ya pa fani, pa choziziritsa kapena pa mahinji kuti mumangire disiki. Kumeneko n'kufukula dzenje pofuna kukwirira lina.
- Batire likatupa, musalipanikize ndi chivundikiro. Pitani nalo kwa mmisiri.

11. MAFUNSO AMENE ANTHU AMAFUNSA

Mutu wa sikuluwu waphwanyika, sikuludiraiva ikungoterereka. Nditani? Ikani kalabala kopyapyala pamwamba pa mutuwo, kanikizani sikuludiraiva molunjika n'kupotoza pang'onopang'ono. Ngati mutu uli poonekera, upaneni ndi pulayala yaing'ono. Zikakanika, musaboole nokha.

Mazinga a kamzati atha, sikuluwu ikungozungulira. Ngati kamzatiko n'komasuka, kasintheni. Ngati n'kowotchereredwa pa bodi, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Kodi sikuludiraiva ya maginito siwononga disiki? Kamaginito ka kunsonga kwa sikuludiraiva n'kofooka, sikawononga SSD ngakhale hard disk, ndipo kamathandiza kuti kasikuluwu kasagwe. Maginito akuluakulu, monga a m'sipika, ndi amene muyenera kutalikitsa ku hard disk.

Ndagula M.2 yaifupi koma makina anga ali ndi bowo la 80 lokha. Pali kachitsulo kowonjezera kutalika, kamene kamafikitsa 2230 kapena 2242 pa bowo la 80. Funsani kwa amisiri kapena itanitsani.

Ndikufuna disiki yachiwiri mu laputopu yakale. Ngati ili ndi polowetsa DVD, pali caddy yolowa m'malo mwake. Ilipo ya mamilimita 9.5 ndi ya 12.7, choncho yezani yanu musanagule.

12. MAWA LISAKUPEZENI CHIMODZIMODZI

Pogula kompyuta ya kaunjika, pemphani wogulitsa aitsegule muone ngati caddy, chingwe ndi kasikuluwu ka M.2 zilimo. Ngati mulibe, auzeni aziikemo kapena atsitse mtengo, pakuti mukangolipira mphamvu yonenerera yatha.

Kompyuta ikafa m'nyumba mwanu, musaitaye kudzala, musaiwotche, musaiponye mumtsinje. Chotsani disiki chifukwa cha zinsinsi zanu. Masulani masikuluwu ndi caddy. Zotsalazo kapatseni mmisiri, iye adzapezamo zothandizira ena.

Masikuluwuwo muwakulunge m'timapepala malinga ndi saizi, mulembepo M2 kapena M3, muwaike m'kabotolo kotseka bwino, pamwamba pomwe ana safikira. Tsiku lina mnzanu wa benchi yoyandikana adzabwera atagwira SSD m'manja, thukuta lili kamukamu, akufunsa za minibasi ya m'tauni. Inu mudzangomuuza kuti akhale pampando, n'kutsitsa kabotolo kaja.